Khomo Limene Ndinadula Pakatoni

4 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kuno kutali. Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi bondo lanu lija, Mzime wathu, azakhali, ndi mbuzi zomwe. Ine ndili bwino, kungoti m'mawa kumazizira.

Kalata ino ndalemba ndekha kuyambira pamwamba mpaka pansi, palibe wandigwira dzanja. Iwe Mzime, popeza ndiwe ukuwawerengera Amayi, ukapeza pamene ndalakwitsa ungodumpha, usaseke.

Ntchito ndinaipeza. Ndikukolopa pasukulu yophunzitsa anamwino ndi azamba. Mbali yanga ndi khonde lalitali, zimbudzi ziwiri, ndi chipinda china chokhala ndi mabedi asanu ndi limodzi, koma odwala ake ndi zidole. Zidole zazikulu ngati munthu, Amayi, zofunditsidwa bulangeti. Pakona paima mafupa a munthu athunthu omangidwa ndi mawaya. Ana asukulu amawatcha Apongozi, ati chifukwa amangokuyang'ana ukugwira ntchito, mano pamtunda, osanena kanthu. Tsiku loyamba ine ndinawapatsa moni. Mayi amene ndimakolopa nawo anaseka mpaka kukhalira ndowa. Mayiwa timawatcha a Wailesi chifukwa sazima. Ine andipatsa dzina loti Chete.

Ndimagona kuseri kwa nyumba yochapira, m'kachipinda kandekha. A Wailesi anati ndikakhale nawo kwawo, koma ndinakana mwaulemu. Ndinazolowera kugona ndekha. Mpope uli pafupi, ndiye ndimachapa anthu asanayambe kudutsa. Sopo yekha ndiye wadula kuno, ndipo ine ndimatha wambiri.

Mwandifunsa kudzera kwa adalaivala a lole za vuto lija. Linasiya, ndinakuuzani kale. Musamadandaule za ine.

Adalaivala omwewo andiuza kuti Mzime ndi woyembekezera, ndipo mwamuna wake wamubweza kwa inu kuti adzachirire pakhomo, iye wapita kokasaka ntchito. Nditamva ndinayamba ndakhala kaye pansi. Iwe Mzime, zaka khumi ndi zisanu sunakwanitse, chaka chatha chomwechi unkalira chifukwa ndinakudyera mango. Sindikukalipa ayi. Ndatumiza nsalu ziwiri ndi kabeseni. Yobiriwirayo ndi yako, inayo ndi ya mwana. Usasenze zolemera, nkhuni azikatola ana a azakhali.

Ndine mwana wanu wachisamba.

9 Malichi

Okondedwa Amayi,

Moni nonse. Ndamva kuti bondo layambiranso, muzilithowa ndi madzi otentha. Ine ndilipo.

Ndaona chinthu chimene ndikufuna kukufotokozerani bwinobwino, ndiye Mzime uwerenge pang'onopang'ono.

M'chipinda cha zidole muja, pashelefu, pali mafupa a m'chiuno mwa mzimayi, opangidwa ndi pulasitiki, oyera mbee. Ukawaika patebulo amaoneka ngati beseni lobooka pansi. Pambali pake pamakhala kachidole ka khanda, thupi lansalu, mutu wokha wolimba. Lachisanu lililonse ndimazipukuta fumbi. Tsiku lina ndili ndekha ndinatenga kamwanako n'kuyesa kukadutsitsa m'besenimo. Kanakana. Ndinakankha ndi mphamvu, kanakanabe. Pocheuka ndinangoona Asisitala amene amaphunzitsa azamba ataima pakhomo. Mumtima ndinati basi, ntchito yathera pomwepa.

Sanakalipe. Anangoti ndisakankhe ngati ndikutsendera chimanga m'thumba. Anandionetsa kuti besenili lili ndi makomo awiri. La pamwamba ndi lotakata cham'mbali, la pansi ndi lotakata chakutsogolo ndi kumbuyo. Ndiye mwana amalowa atayang'ana kumbali, chibwano chili pachifuwa, akafika pakati amatembenuka, kenako amatuluka nkhope itayang'ana kumsana kwa mayi ake. Anachita kamodzi kokha, kamwana kaja kanangotsetsereka n'kugwera m'manja mwanga.

Atatero anatsitsa beseni lina laling'onopo limene limakhala kumbuyo. Anati ndiyesenso, ndi kutembenuza komwe. Ndinayesa mbali zonse. Mutu unkangokhala pamwamba ngati chivundikiro cha poto wina. Anati limeneli ndi la mtsikana amene sanathe kukula, kapena amene anakula ndi njala. Mtsikana amatha msinkhu mafupa a m'chiuno akadakula, ndiye mimba imatheka koma khomo lisanakwane.

Amayi, ine Chete ndinatsegula pakamwa. Ndinafunsa kuti nanga mayiyo atakankha ndi mphamvu zake zonse, anthu n'kumamuthandiza kukanikiza pamimba? Asisitala anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, fupa silimva kukalipiridwa," anatero. "Akankhe masiku atatu, khomo ndi lomwelo."

Anati chimene chimagonja ndi mnofu. Kutsogolo kwa njira ya mwana kuli chikhodzodzo. Mutu ukakakamira umachipana pafupa la pachinena, magazi sayendanso, mnofu umafa, pakapita masiku pamabooka ndipo mkodzo umangodzitsikira. Mitsempha ya mwendo nayo imadutsa momwemo, n'chifukwa chake ena amadzuka akukoka phazi. Njira ndi imodzi yokha, kufika kuchipatala msanga kuti mwana amutulutsire pamimba.

Ndinathokoza, n'kupita kukakolopa chimbudzi chimene ndinali nditakolopa kale.

Masiku atatu aja m'nyumba ya azakhali, paja ankati ndine waulesi, ndikuopa ululu, n'chifukwa chake mwana wanga anafera panjira. Zaka zitatu ndakhala ndikuvomereza. Muwauze kuti sindinali waulesi. Musawauze mwaukali, mungowauza.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale amalume akakamire.

Ndine wanu wachisamba.

2 Epulo

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu, kwa Mzime ndi mlendo wathu amene akubwerayo. Kuno mvula yadula. Ine ndili bwino, phazi lokha limatopa madzulo.

Yankho lanu ndalandira, ndipo Mzime ukulemba bwino kuposa ine. Mwati azakhali sanakondwe. Ati ana onse a pakhomo pathu anawalandira okha m'manja mwawo, amene anawavuta ndi ine ndekha. Mwatinso chipatala chili kutali kutsidya kwa mtsinje, nthawi yake ndi yokolola, ndipo mukapita kukadikira kumeneko chimanga chiwonongekera m'munda. Zonsezi ndazimva, sindikutsutsa akuluakulu.

Koma ndaganiza kuti mwina mawu anga ndi amene akuperewera. Ine ndinamvetsa chifukwa ndinaona ndi maso. Ndiye ndachita chonchi. Ndinatenga katoni ya magolovesi, n'kujambulapo khomo la pamwamba la beseni lalikulu lija, mulifupi ndi mulitali momwe liliri, kenako ndinadula ndi lezala. Kakatoni kameneka kali m'kalatamu. Bowo mukulionalo ndilo khomo la mzimayi wamkulu, wokhwima bwino. Tonsefe tinadutsa poterepa. Pisanipo dzanja muone kuchepa kwake. A Wailesi anandigwirira podula, ndipo ataliona anati mutu wa amuna awo sungadutse pamenepa, ayenera kuti anatulukira pawindo.

Tsono ngati la munthu wamkulu lili chonchi, la mwana ngati Mzime likhoza kuchepera apa. Muwaonetse azakhali, iwo ndi anzeru, akaona amvetsa.

Pempho langa ndi ili. Mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba, mupite naye kuchidikiro, matenda akamuyambire ali pafupi ndi anamwino. Ndalama ya ulendo ndaisokera mumpendero wa kamalaya ka mwana kamene ndatumiza pamodzi ndi kalatayi. Chimanga akolole ana a azakhali, muwagawireko, chotsalacho chikwana.

Iwe Mzime, usachite mantha ndi zimene ukuwerengazi. Sindikunena kuti pali choopsa ayi. Iwe ndiwe wamphamvu, wathupi labwino, zonse ziyenda bwino. Kungoti mkulu wako ndi wamantha, ukudziwa.

Ndine wanu.

27 Epulo

Amayi,

Moni ndipereka kumapeto, ndiyambe ndi ichi.

Kakatoni kaja mwakagwiritsa ntchito molakwika. Adalaivala andifotokozera akuseka, ndipo Mzime walembanso chimodzimodzi. Ati azakhali anamuimiritsa Mzime pakati pa amayi onse, n'kumuika kakatoniko kumbuyo, chiuno chake n'kusefukira mbali zonse ziwiri. Ati nonse munaseka mpaka misozi, azakhali n'kunena kuti pamenepa angadutse awiri atagwirana manja. Ndiye za kuchidikiro mwazisiya, ndalama ija mwagulira bulangeti la mwana, ndipo kakatoni mwakapachika pamsomali kuti alendo aziona.

Amayi, si choncho. Ine sindinatumize muyezo. Chiuno chimene mukuona kunjachi ndi mnofu ndi mapiko a fupa. Khomo lili mkati, silioneka. Nyumba ikhoza kukhala yaikulu chitseko chake chili chaching'ono. Kodi ine chiuno changa sichinali chachikulu kuposa cha Mzime? Paja munkadandaula kuti masiketi anga amatha nsalu. Nanga chinandithandiza chiyani?

Ndinapita kwa Asisitala ndi mopu m'manja. Anagwira pakamwa. Anati ngakhale iwo, ndi zaka zawo zonse pantchito, sangadziwe poyang'ana kunja. Kuchipatala amadziwa pochita kuwerenga maola ndi kuona ngati mutu ukutsika. Anati mzimayi akayamba matenda dzuwa lisamutulukire kawiri. Sanandikalipire, koma bola akanandikalipira.

Ndinaimba foni ya amalume. Anati ali pagolosale, nkhani za amayi sizikuwidwa pagulu, ndilembe kalata monga mwa masiku onse. Ndinapempha tchuthi, akuti mpaka ana asukulu amalize mayeso. Komanso ulendo wa tsiku ndi theka m'basi, nditapanikizana ndi anthu pampando umodzi, kwa ine ndi wovuta. Musandifunse.

Chotsani kakatoniko pamsomali. Gulitsani mbuzi ija, inde yomwe ndinakaniza, mupite naye sabata ino.

Iwe Mzime, m'kalata yapita ija ndinakunyengerera kuti usaope. Ndinalakwa. Uope. Akakana kukuperekeza, nyamula kabeseni ndi nsalu upite wekha miyendo ikadali yako. Ndinakuuza kuti uzidumpha pamene ndalakwitsa, koma apa usadumphe liwu ndi limodzi lomwe, ngakhale azakhali akhale pomwepo.

Moni nonse.

Mwana wanu.

16 Meyi

Okondedwa Amayi,

Moni. Kodi muli bwanji kumeneko? Sabata zitatu tsopano osamva kanthu. Adalaivala athu sakuoneka. Anzawo a kudepoti akuti lole inafera panjira, ikudikira chitsulo. Foni ya amalume siikupezeka.

Kalata ino ndapatsira mayi wina wogulitsa kaunjika amene akuti amadutsa chakufupi ndi kwathu. Ngati yakupezani kunyumba, ndiye kuti yapitayo simunaimve. Ngati yakupezani kuchidikiro, Mulungu akudalitseni, ndipo mundikhululukire mawu akuthwa aja.

Ndaluka kachipewa. A Wailesi ndi amene andiphunzitsa, koma akuti kakufanana ndi chisa cha mpheta. Lachisanu ndinapempha kuti mashelefu a mabeseni aja apukute iwo.

Ndiyankheni, ngakhale mzere umodzi.

Wachisamba wanu.

3 Juni

Okondedwa Amayi,

Ndamva kuti makalata tsopano akukuwerengerani akazi a aphunzitsi. Zikomo mayi, ndipo pepani ndi zimene muwerengezi.

Amayi, moni. Sindifunsa ngati muli bwino.

Adalaivala afika dzulo masana. Anandipeza pakhonde ndikukolopa, anavula chipewa asanayankhule. Anati kalata yanga ya kumapeto kwa Epulo inakhala m'lole masiku onse amene inafa aja, anaipereka kwa inu zonse zitachitika kale. Anapepesa kambirimbiri. Ine sindikuwaimba mlandu.

Andiuza kuti matenda anayamba Lachiwiri. Lachitatu lonse anali m'nyumba ya azakhali. Lachinayi ndi pamene munamukweza pangolo, atasiya ndi kulira komwe. Kuchipatala anamung'amba, mwana anali wamwamuna, wamkulu bwino, atapita kale. Mzime ali moyo. Mawu awa okha ndi amene ndikuwabwereza kuyambira dzulo.

Andiuzanso china chimene sankafuna kunena, ndinachita kuwaumiriza. Ati Lachitatu inu munafuna kuti munyamuke, koma azakhali analoza pamsomali n'kunena kuti dikirani, mwanayu ndi wotakata, ngakhale chipepala cha kusukulu ya anamwino chikuvomereza.

Ndinadula ndine kakatoni kaja. Lezala yake ndikadali nayo. Ndinaona ngati popeza tsopano ndimatha kulemba, ndiye kuti ndimathanso kufotokoza. Ndinakutumizirani bowo, osakuuzani kuti lili pati. Azakhali anachita zimene amadziwa, inu munamvera akuluakulu, koma chimene chinakukhazikani pansi Lachitatu chinachoka m'manja mwanga. Musandiuze kuti ndi chifuniro cha Mulungu, ndamva kale kwa a Wailesi.

Tsopano mundiyankhe zoona, musachite manyazi ndi amene akulemberaniwo. Akuti munamutulutsa m'chipatala patangotha masiku asanu chifukwa kunyumba kunalibe munthu. Kodi kapaipi ka mkodzo anamuchotsa? Akadzuka m'mawa, mphasa yake imakhala youma? Poyenda, phazi likunyamuka bwinobwino kapena akulikoka?

Bulangeti lija musalibise, amafunda iyeyo. Kachipewa sinditumiza.

Mumuuze kuti mkulu wake sakudziwa choti amulembere.

Mwana wanu.

17 Juni

Okondedwa Amayi, ndi iwe Mzime,

Moni. Ndamva kuti Mzime wayamba kukhala tsonga, ndiye kalata ino mumupatse awerenge yekha, kenako akuwerengereni.

Yankho lanu lafika. Mphasa siikuuma. Phazi lamanzere akulikoka. Mwamusamutsira m'kanyumba ka kuseri kamene ndinkagona ine, wasiya kumwa madzi, ndipo mwamuna wake watumiza mawu oti ayambe wachira kaye. Mawu amenewo ndimawadziwa, wanga ananenanso omwewo.

Amayi, ndinakunamizani. Vuto langa silinasiye. Silinasiyepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinanena kuti lasiya kuti mundilole ndichoke, chifukwa ndinatopa ndi ana ogwira mphuno kuchitsime, ndiponso ndi inu kuchapa nsanza zanga ndi bondo lanulo. Sopo uja ndi wa zimenezo. Kachipinda kandekha ndi ka zimenezo. Ntchito yokolopa ndinaikonda chifukwa munthu wonunkha mankhwala a m'chimbudzi palibe amamufunsa.

Lolemba ndinakagogoda ku ofesi ya Asisitala. Anandipatsa mpando wansalu, ine ndinaima. Ndisanamalize kuyankhula anati akudziwa, anadziwa tsiku lomwe lija la mabeseni. Anati anaona kuti sindikhala pampando, sindimwa tiyi ndi anzanga, ndipo ankadikira kuti ndinene ndekha.

"Ukanakhala chete mpaka liti, Chete?" anandifunsa.

Ndinati si za ine, ndi za mng'ono wanga. Anati ndi za nonse awiri.

Akuti bowo la pachikhodzodzoli limasokedwa. Kuchipatala chachikulu chimene ana athu asukulu amakaphunzirira kuli madokotala ake a zimenezi. Si onse amauma, sanandilonjeze, koma ambiri amauma. Langa ndi lakale, mnofu unalimba, akaliona kaye. La Mzime ndi latsopano, ndipo akuti lina likakhala laling'ono limatha kutsekeka lokha akamuika kapaipi msanga. N'chifukwa chake sitidikira.

Mzime, mvera mkulu wako, ulendo uno ndafunsa kaye ndisanalembe, ndipo Asisitala awerenga mzere uliwonse wa ndime ino. Imwa madzi ambiri. Ndikudziwa ukuganiza kuti ukasiya kumwa kudontha kuchepa, inenso ndinkatero. Mkodzo wochepa ndi umene umanunkha ndi kuwotcha khungu. Usambe kawiri patsiku, upake mafuta m'ntchafu. Nsalu uzipinda katatu, yofewa mkati. Phazi uziliyendetsa ngakhale likukana, langa linabwerera pang'onopang'ono. Ndipo wina akakuuza kuti unali waulesi, usamuyankhe, udzandiuze ine.

Adalaivala anyamuka kumeneko Loweruka. Avomera kukukweza kutsogolo, pafupi ndi windo, ndipo aziima paliponse ukanena. Ndawapatsa pepala la pulasitiki loyala pampando. Ndinawauza chifukwa chake ndi pakamwa pangapa, nditawayang'ana kumaso. Anangoti nawonso ali ndi ana aakazi.

Amayi, kakatoni kaja musakatenthe. Asisitala akuti Mzime abwere nako, akufuna azikaonetsa ana asukulu asanawatumize kukaphunzitsa anthu. Ndavomera, ngakhale sindikufuna kukaonanso. Azakhali muwapatse moni. Mwana wawo wamkazi wachiwiri uja akukula, muwauze kuti nthawi yake ikadzafika ndidzabwera ndekha, sindidzatumiza pepala.

Mzime, kachipinda kanga ndi kakang'ono koma mpope uli pafupi. Usadandaule za fungo, kuno palibe woti umubisire. Ndagula ndowa yachiwiri, ndipo chingwe choyanikira ndachitalikitsa.

Ndine mkulu wako, ndidzakhala nditaima pageti.